Mpira wa pa Sabata ku East Rand: Chiyambi Chake, Makonzedwe Ake ndi Malamulo Ake

Abale athu a m'migodi ndi a m'mafamu, tamverani. Munthu wa pa ulendo ali ndi masiku asanu ndi limodzi a bwana, ndi tsiku limodzi lokha la iye mwini. Masiku a bwana sabvuta kuwayendetsa, pakuti belu limuuza nthawi yodzuka, kapitao amuuza poima, ndipo dzuwa likalowa thupi lokha limuuza kuti akagone. Tsiku lobvuta ndi lija la iye mwini. Ambiri amene anatchona kuno, osaonanso Dedza, Mzimba, Chipata kapena Angonia, sanatayike pa Lolemba kapena pa Lachinai ai. Anatayika pa Sabata madzulo, malipiro ali m'thumba, kopita alibe.

Chifukwa chake lero tifuna kukamba za mpira wa miyendo. Sitinena za uja wa akatswiri olipidwa, koma wa amuna akulu-akulu apanchito, a ndevu zao ndi ana ao, amene athamanga pa bwalo la pfumbi tsiku lopuma. Tiona m'mene unayambira kuno ku Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Nigel, dera limene anthu alitcha East Rand, ndipo kuyambira chaka cha 2000 liri pansi pa boma limodzi la mzinda lotchedwa Ekurhuleni, ndiko kunena malo a mtendere m'chinenero cha Ashangani. Tionanso m'mene amuna angamangire ligi yao kuti isafe chaka chisanathe.

M'MAKOMBONI A KALE

Golidi anapezeka pa Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo m'kupita kwa zaka migodi inandandalika kum'mawa kwa Joni: Simmer and Jack ku Germiston, East Rand Proprietary Mines ku Boksburg umene unayamba mu 1893, Van Ryn ndi Modderfontein ku Benoni, Geduld ndi Daggafontein ku Springs, ndi Sub Nigel ku Nigel. Anthu a ku Nyasaland anayamba kudza ndi Wenela mu 1903. Chibayo chinawapha ambiri, kotero kuti mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu a maiko otentha a kumpoto, ndipo khomo linatsegukanso m'zaka za m'ma 1930. Koma oyenda selefu sanaleke. Anadza pansi, miyezi yathunthu ali m'njira, nagwira maganyu apa ndi apo kufikira atafika. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene anagwira ukalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep pafupi ndi Boksburg asanapite ku America mu 1925.

M'komboni amuna anagonekedwa monga mwa mitundu yao, Mshangani kwa Ashangani, Msutu kwa Asutu, Mnyasa kwa Anyasa, ndi nduna yoikidwa ndi kampani pamwamba pao. Pa Sabata eni migodi anakonda kuona magule, mtundu uli wonse ndi gule wake, namanga mabwalo kuti Azungu a m'tauni adzapenyerere. M'zaka za m'ma 1920 Rev. Ray Phillips, mmishonale wa American Board, anayendetsa bayisikopo m'makomboni. Tisanamizane, abale: eni migodi anafuna zimenezi kuti wanchito akhale ndi chomtangwanitsa, asasonkhane ndi anzake kukamba za malipiro, nadzuke wofatsa pa Lolemba.

Koma mpira sunakhalitse m'manja mwao. Oyamba kuusewera mwa dongosolo pa migodi anali mabalane, ndiwo alembi a m'maofesi, ambiri a iwo ochokera m'masukulu a mishoni ku Natal. Timu imodzi yotchuka ya masiku amenewo inali Old Natalians ya pa Simmer and Jack. Mu 1917 alembiwo anamanga bungwe lao, Witwatersrand District Native Football Association, patangopita chaka chimodzi anzao a ku Durban atamanga lao. Mu 1929 kunabadwa Johannesburg Bantu Football Association, imene inali pansi pa mthunzi wa khonsolo ya mzinda. Patapita zaka zowerengeka amuna ena, osafuna kuti Mzungu wa ku khonsolo aziwasungira mabuku, anaimika Johannesburg African Football Association pa Bantu Sports Club, ndipo Dan Twala anaitumikira zaka zambiri. Mu 1932 kunakhazikitsidwa South Africa African Football Association, ndipo Natal ndi Transvaal anayamba kulimbirana chikho cha Bakers, dzina la kampani ya mabisiketi. Koma mu 1937 chikhocho chinasanduka cha Moroka-Baloyi, kutenga maina a anthu akuda awiri, Dr. James Moroka ndi Richard Baloyi.

Taganizirani chimene amuna amenewa anachita. Anali oyenda ndi pasi m'thumba, opanda mau m'boma la dziko. Komabe pa nkhani ya mpira anasankha wapampando wao, nalemba zokambidwa m'buku, naweruza milandu yao okha. Ndiponso anachita izi ali osauka. Pamene amuna a m'migodi ananyanyala nchito pa 12 Ogasiti 1946, motsogozedwa ndi J. B. Marks, anapempha masheleni 10 pa tsiku, chifukwa malipiro a wolowa pansi sanali kufika ngakhale masheleni 3. M'masiku otere mpira wa chikopa umodzi unagulidwa ndi matiki a anthu ambiri.

MASIKU ANO

Zambiri zapita. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha amuna 74 a ku Malawi obwerera kwao, ndipo Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu. Pa nthawiyo Amalawi a m'migodi ya kuno anaposa 100,000. Kulemba kunayambanso mu 1977, nikuthera mu 1988. Mgodi waukulu wa ku Boksburg unaleka kukumba pansi mu 2008, ndipo zitunda za mchenga wachikasu zimene makolo athu anaunjika ziri kusefedwanso kuti atengemo golidi wotsala. Ana ndi adzukulu a amuna aja lero ali m'mafakitale a ku Wadeville ndi Isando, m'minda ya ku Bapsfontein, m'migodi yotsalayo, ndipo agona ku Tembisa, Daveyton, Katlehong, Tsakane ndi KwaThema.

Mpira nao wasintha. Mabungwe a mitundu anathetsedwa, nakhala bungwe limodzi la SAFA mu 1991, ndipo mu 1992 dziko lino linalandiridwanso ku FIFA. Ana a kwathu amveka m'mabwalo akulu: Ernest Mtawali ku Bloemfontein Celtic ndi Mamelodi Sundowns, John Maduka ku Bush Bucks, Esau Kanyenda ku Jomo Cosmos, ndi Gabadinho Mhango amene anamwetsa zigoli 16 ali ku Orlando Pirates m'nyengo ya 2019/20, nagawana ulemu wa womwetsa zambiri ndi Peter Shalulile. Tinyadira nao. Koma munthu wa zaka 38, wonyamula matumba sabata yonse, sadzaitanidwa ku Pirates. Iye asowa bwalo la pafupi, anzake 21, ndi malamulo.

Wina adzati, ife tiribe zida. Kodi munamva za ku Canada? M'dziko lozizira limenelo, kumene madzi auma gwa ngati thanthwe, anthu akulu asewera masewera otchedwa broomball. Akhala 6 mbali iri yonse, nathamanga pa madzi oumawo atabvala nsapato za mphira, namenya mpira ndi ndodo imene pachiyambi inali tsache leni-leni losesera m'nyumba. Masewera a tsache amenewo ali ndi ligi zake, oimbira ake, ndi malamulo olembedwa. Chimene chisandutsa chipwirikiti kukhala masewera si mtengo wa nsapato ai, koma pangano.

MSONKHANO WOYAMBA

Mutu umodzi susenza denga. Ligi yoyambitsidwa ndi munthu mmodzi, iye wosunga mpira, iye wosunga ndarama, iye woweruza, ifa tsiku limene iye achotsedwa nchito kapena akwera basi kupita kumudzi. Chotero itanani msonkhano, timu iri yonse itumize amuna awiri, ndipo musankhe pokweza manja wapampando, mlembi, msungichuma, ndi wokonza ndandanda ya masewera. Anai amenewa achokere m'matimu anai osiyana. Akhale pa udindo chaka chimodzi. Chikatha, chisankho chichitikenso, ngakhale onse atumikira bwino.

Pa msonkhano womwewo malamulo awerengedwe mokweza, m'Chinyanja ndi m'chinenero china chiri chonse chimene osewera amva, ndipo kaputeni ali yense asainire. Lamulo lisasinthidwe nyengo iri pakati. Mukaona kuti lina liri lopotoka, lilembeni pambali, mudzalikonze chaka cha mawa. Pakuti lamulo losinthidwa timu yakuti iri pamwamba, anthu adzati lasinthidwira timu yomweyo.

Ngati mufuna kuti timu yanu ikwere makwerero a mpira wa dziko lino, njira yake ndi kulembetsa ku bungwe la mpira la m'dera mwanu la pansi pa SAFA, ndi kutsata malamulo ao a kalembedwe ka osewera. Ngati mungofuna masewera a pa Sabata, mukhoza kuima panokha. Koma bwalo liri ndi mwini wake, kaya khonsolo, kaya sukulu, kaya mwini famu. Pitani mukapemphe, ndipo chilolezo chilembedwe pa pepala, ndi maola ake. Safunsa anadya phula.

ZA NDARAMA

Ligi zambiri siziphedwa ndi ndeu ya pa bwalo; ziphedwa ndi thumba la msungichuma. Sitinena kuti asungichuma ali mbala. Tinena kuti munthu wolungama, atasunga ndarama za ligi pansi pa matiresi, nalandira foni ya kumudzi yakuti mai ake ali m'chipatala, adzabwereka ndithu, nati ndidzabweza mwezi ukatha. Ndipo mwezi ukatha padzagwa bvuto lina. Musamuike mbale wanu m'chiyeso chotere.

Malamulo ake ndi awa. Timu iri yonse ipereke ya kulowera nyengo isanayambe, ndi ya sabata ndi sabata masewera asanayambe. Pa ndarama iri yonse yolowa patuluke lisiti. Buku likhale kwa mlembi, ndarama zikhale ku banki kapena kwina kosungika, ndipo zisatuluke popanda anthu awiri kusainira. Mwezi uli wonse msungichuma aimirire pamaso pa onse, nanene zolowa, zotuluka ndi zotsala. Tiyerekeze kuti matimu 8 agwirizana kupereka R100 pa Sabata iri yonse: pa masabata 14 ndiye R11,200. Munthu ali yense wodziwa kuwerenga angathe kuchulukitsa yekha, nafunse ngati buku linena zina. Ndarama zimenezi zigawidwe patatu kuyambira pachiyambi: za oimbira, laimu ndi mipira, za chikho ndi mphoto, ndi za obvulala. Gawo lachitatuli lisakhudzidwe ndi phwando.

Kubetcha pa masewera a ligi kuletsedwe. Pamene amuna aika malipiro a sabata pa chigoli chimodzi, woimbira asanduka mdani, ndipo wogwa pansi sadzutsidwa ndi mnzake.

KULEMBETSA OSEWERA

Timu ilembetse amuna osapitirira 22. Ali yense akhale ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, ndipo akaputeni aonetsane makadi mpira usanayambe, osati utatha. Munthu mmodzi, timu imodzi, nyengo yonse. Wofuna kusamuka asamuke pakati pa nyengo pokha, atabweza jezi ndi ngongole za timu yakale. Timu yoseweretsa munthu wosalembedwa ilandidwe mapointi a tsikulo. Mudziwa nonse m'mene zichitikira: masewera otsiriza akayandikira, pa bwalo paoneka mnyamata wachilendo wa liwiro ngati gwape, eni ake nati ndi mphwao wa goloboyi wafika dzulo. Khadi lithetsa nkhani yotere popanda kukweza mau.

Ngati pakati panu pali amuna ambiri opitirira zaka 35, apatseni chigawo chao. Si ulemu kuti bambo wa ana asanu apikisane liwiro ndi mwana wobadwa iye ali kale pa Joni.

NDANDANDA YA MASEWERA

Matimu 8, ali yense kukomana ndi mnzake kawiri, ndiye masewera 14 pa timu, ndi masewera 56 onse pamodzi. Pa bwalo limodzi mukhoza kuseweretsa anai pa tsiku, kuyamba 9 koloko, 11 koloko, 1 koloko ndi 3 koloko; motero ligi itha pa masabata 14. Matimu akakhala 10, ali yense asewera 18, onse pamodzi 90, ndipo mudzasowa bwalo lachiwiri. Ndandanda yonse ilembedwe nyengo isanayambe, ndipo timu ya opemphera m'mawa iikidwe madzulo, ya olowa nchito usiku iikidwe masana.

Kumbukirani nyengo za dziko lino. Mu Disembala mafakitale atseka ndipo anthu apita kwao. Ligi ithe Novembala asanathe. A m'mafamu anene poyamba miyezi yao yokolola. M'chisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mdima ugwa msanga. M'dzinja mvula ya kuno idza madzulo ndi mphezi zoopsa: mu 1998 mphezi inagwa pa bwalo ku Joni, Moroka Swallows iri kusewera ndi Jomo Cosmos, nibvulaza osewera angapo. Bingu likagunda pafupi, woimbira aimitse mpira, ndipo pasakhale wothawira pansi pa mtengo.

Wopambana alandira mapointi 3, olepherana 1 ali yense, wogonja palibe. Kale wopambana analandira 2. A ku England ndiwo anayamba kupereka 3 mu 1981, kuti matimu aleke kukhutira ndi kulepherana. Awiri akafanana mapointi, muone kusiyana kwa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa. Akafananabe, muone womwetsa zambiri. Timu yochedwa mphindi 15 iwerengedwe yogonja ndi zigoli 3 kwa 0, ndipo yojomba katatu ichotsedwe.

MALAMULO A PA BWALO

Malamulo a mpira analembedwa koyamba ndi Football Association ku London mu 1863, ndipo kuyambira 1886 asungidwa ndi bungwe la IFAB. Alipo 17. Sitingawalembe onse pano, koma awa munthu ali yense ayenera kuwadziwa.

Osewera akhala 11 mbali iri yonse, mmodzi wa iwo goloboyi. Akachepera 7 mpira suyamba, ndipo ngati unayamba upitirira ai. Bwalo litalika mamita 90 kufikira 120, m'lifupi mamita 45 kufikira 90. Golo litambalala mamita 7.32, ndi msinkhu wake mamita 2.44. Penate imenyedwa pa mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo, ndipo pa firikiki adani aima kutali mamita 9.15. Yesani ndi chingwe kamodzi, mukhome zikhomo zosaturukira pamwamba, kuti pasakhale kuyesa ndi mapazi Sabata iri yonse.

Nthawi ndi zigawo ziwiri za mphindi 45, ndi kupuma kosapitirira mphindi 15. M'ligi za pansi ndi za achikulire malamulo alola, eni mpira a dziko akabvomereza, kufupikitsa nthawi ndi kulola woturuka kulowanso. Kwa amuna otopa ndi nchito, zigawo za mphindi 35 sizichititsa manyazi.

Chigoli chiwerengedwa pokhapo mpira wonse wadutsa mzere wonse. Ofusaidi, imene idanitsa abale, iri motere: munthu ali pa malo olakwika ngati, pa nthawi imene mnzake amenya mpira, iye ali m'chigawo cha adani, ali patsogolo pa mpirawo, ndiponso ali pafupi ndi mzere wa golo koposa mdani wachiwiri kuchokera kumbuyo, goloboyi kuwerengedwa pamodzi. Akalingana naye sanalakwe. Kungoima pamenepo si mlandu, kufikira ataukhudza mpira kapena kusokoneza mdani. Palibe ofusaidi pa mpira woponya ndi manja, pa kona, kapena pa mpira woyambira pa golo. Kale panafunika adani atatu. Anawachepetsa kukhala awiri mu 1925.

Kuyambira 1992 goloboyi saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wambwezera dala ndi phazi, ndipo kuyambira 2025 akaufumbata kupitirira masekondi 8 adani apatsidwa kona. Makadi anayamba kuoneka pa chikho cha dziko lonse ku Mexico mu 1970: lachikasu lichenjeza, achikasu awiri abala lofiira, ndipo wolandira lofiira aturuka osalowedwa m'malo.

Pa malamulo amenewa ife tiwonjezapo limodzi la amuna apanchito: kulowa mnzako chotsetsereka ndi mapazi kuletsedwe konse, ndipo wopanda zotchinjiriza msongolo asasewere. Mabwalo athu ngouma, ndipo miyendo imene ithamangitsa mpira pa Sabata ndi yomweyo idyetsa ana pa Lolemba.

WOIMBIRA

Woimbira asachokere m'timu iri kusewera, ndiponso asakhale mlamu wa kaputeni. Ngati mulibe wophunzira nchitoyi, timu yopuma ipereke woimbira ndi onyamula mbendera awiri. Alipidwe ndi msungichuma kuchokera m'thumba la ligi mpira usanayambe, asalandire kanthu m'manja mwa timu, ngakhale botolo la zakumwa. Wolankhula naye pa bwalo ndi kaputeni yekha, ndipo mwaulemu. Woimbira ndi munthu, adzalakwa. Koma chimene waweruza pa bwalo chaweruzidwa. Woika dzanja pa woimbira achotsedwe m'ligi chaka chathunthu, angakhale ndiye womwetsa zigoli zonse za timu yake. Mukamlekerera mmodzi, Sabata yotsatira simudzapeza munthu wobvomera kugwira wezulo.

MILANDU NDI ZILANGO

Timu yodandaula ilembe kalata kwa mlembi asanathe masiku atatu, niperekepo ndarama pang'ono zimene zidzabwezedwa ikapezeka yolungama. Motero odandaula chabe achepa. Mlandu uweruzidwe ndi amuna atatu a m'matimu osakhudzidwa, Sabata yotsatira isanafike, ndipo woimbidwa mlandu amvedwe asanalangidwe, monga tichitira pa bwalo la mfumu kwathu. Zilango zilembedwe kale: khadi lofiira, kukhala pansi masewera awiri, nkhonya, masewera asanu ndi chindapusa, mpeni, chibonga kapena mfuti pa bwalo, kuchotsedwa kosabwereranso. Woledzera asalowe m'bwalo, ndipo timu iyankhe pa zochita za oichemerera.

Tinenepo za mankhwala, pakuti tonse tidziwa kuti nkhaniyi iripo. Chimene munthu akhulupirira m'nyumba mwake ndi chake. Koma kukwirira zinthu pa golo, kuwaza madzi pa chipata, kukana kulowera pa khomo limene alowera onse, zimenezi zichedwetsa mpira ndi kuutsa ndeu. Lamulo linene kuti matimu onse alowera khomo limodzi, nthawi imodzi, ndipo wokana awerengedwa wochedwa.

WOBVULALA

Apa mpamene ligi ioneka ngati iri ya anthu kapena ya zigoli chabe. Mwendo wothyoka pa mpira wa Sabata kawiri-kawiri suwerengedwa ngozi ya panchito, ndipo waganyu kapena wa pa famu akagona masabata asanu ndi limodzi, malipiro aima, lendi siima, ndipo kumudzi ayembekezerabe. Chotero thumba la obvulala likhale ndi lamulo lake: ndarama zakuti pa sabata, kwa masabata akuti, kwa ali yense mofanana. Pa bwalo pakhale bokosi la mabandeji ndi madzi akumwa, pakhalenso galimoto imodzi yodziwika, ndipo onse adziwe chipatala cha pafupi, kaya Tambo Memorial ku Boksburg, Far East Rand ku Springs, Pholosong ku Tsakane, Thelle Mogoerane ku Vosloorus, kapena cha ku Tembisa. Wogunda mutu nazunguzika aturuke, asabwererenso tsiku limenelo, angakhale alumbire kuti ali bwino. M'buku la mlembi mulembedwe mudzi wa wosewera ali yense, mfumu yake, ndi foni ya mbale wake. Tipempha Mulungu kuti tsamba limenelo lisatsegulidwe. Koma tsoka silinunkha.

ZA MITUNDU

Tatsala ndi mau amodzi, ndipo ndiwo olemera. Nkwachibadwa kuti a ku Mangochi afune timu yao, a ku Mzimba yao, a ku Tete yao. Munthu akondwa kupfuula pa bwalo m'chinenero cha amake. Koma kumbukirani kuti kugawa amuna monga mwa mitundu inali nzeru ya komboni, ndipo sanaipangire ubwino wathu. Kumbukiraninso mwezi wa Meyi 2008, pamene chiwawa chothamangitsa alendo chinabuka ku Alexandra, nichifika kuno ku East Rand, ku Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park ndi kwina. Anthu 62 anafa m'dziko lonse, ena a iwo eni dziko omwe.

Sitinena kuti mpira ukadaletsa zimenezo. Kutero kukadakhala kunyoza akufa. Tingonena chimene munthu ali yense wa pa ulendo adziwa, kuti tsiku la zobvuta chikupulumutsa ndi khomo la mnansi wodziwa dzina lako. Chifukwa chake ligi yanu isatseke chitseko. Itanani timu ya Azulu a mu msewu wanu, ya Asutu a pa famu yoyandikana, ya a ku Zimbabwe a ku fakitale. M'komiti mukhale mwini dziko mmodzi kapena awiri. Maina a matimu asakhale onyoza mtundu wina, ndipo kutukwana munthu chifukwa cha kwao kulangidwe monga nkhonya.

Mabalane a 1917 anayamba ndi buku limodzi, pensulo, ndi mpira wosokedwa-sokedwa. Inu muli nazo zoposa pamenepo. Sabata ikudzayi, mpira ukatha, musabalalike msanga. Khalani pansi pambali pa bwalo, akaputeni onse pamodzi, wina aturutse kope la mwana wake la ku sukulu, ndipo mulembe lamulo loyamba. Tsalani bwino, abale, mudzuke ndi miyendo yonse iwiri pa Lolemba.